Mphini za Nankhoma pa Siteshoni ya Bulawayo

Amuna anga, a Lemson Kamphinda, ankakhala Mndebele kuyambira m'mawa mpaka sitima ya ku Mathithi itanyamuka. Ikangolira n'kuzimirira kuseri kwa mashedi, iwo ankavula kachikopa ka kumutu, n'kukapinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Nangozo, tiyeni tikakhale Anyasa." Nangozoyo ndine, Dorah, ndipo ndinakhala nawo pamphasa imodzi kunja kwa geti la siteshoni ya Bulawayo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, iwo akugulitsa ziboliboli, ine madengu ndi mikanda. Zaka zonsezo mantha anga anali amodzi okha: kuti tsiku lina munthuyu adzalowa pagetipo, n'kukwera sitima ya kumudzi, osabweranso.

Kwawo kunali ku Linthipe, m'boma la Dedza. Anachokako mu 1921, wapansi, atalonjeza kuti dzinja lachiwiri lidzawapeza ali ndi khasu m'manja. Anasiya mkazi ali ndi pakati. Zimenezi sanandibisire, pamenepo sindingawanamizire. Anagwira ntchito m'kamgodi kena ka golide kuthengo, mwala unawagwera pantchafu, anagona miyezi, ndipo atadzuka ankayenda mokoka mwendo. Nanga munthu apite kumudzi atanyamula chiyani? Anzawo ankabwerera ndi njinga ndi mabulangete, ena mpaka makina osokera, iwo anali ndi ndodo basi. Anati ayambe apeza kanthu kaye. Chaka chinatha, china chinatha, kalata imene sanalembe chaka choyamba inayamba kuwavuta kuilemba, ndipo pofika chaka chachisanu anali mtchona wotheratu.

Ine ndinabwera mu 1927 kuchokera ku Ntcheu, kutsata mwamuna wanga woyamba, n'kumupeza akutsokomola magazi. Sanathe chaka. Ndinatsala ku Makokoba, ku lokeshoni, ndikuchapira anthu zovala. A Lemson ndinawadziwa chifukwa cha phokoso. Khoma lathu linali limodzi, ndipo kasemasema wawo ankayamba kugogoda nkhuku zisanatsike. Tsiku lina ndinatopa nazo, ndinapita kukawakalipira. Ndinawathira mawu onse amene ndinali nawo, iwo akungomwetulira. Nditamaliza anati, "Mayi, tabwerezaninso. Chinyanja chokalipa chonchi ndinachimva kalekale." Ndinabwerako ndi mthiko watsopano m'manja. Pasanathe chaka tinali banja, ndipo tinabereka mwana mmodzi, Evelina.

Makasitomala athu anali apaulendo. Sitima yochokera ku Kapa inkabwera ndi azungu opita kukaona Mathithi, ndipo pa Bulawayo inkaima nthawi yaitali. Ankatuluka atafiira ndi kutentha, madona atafunda maambulera, aliyense akufuna kanthu koti akakafika kwawo akaike pashelefu, azikauza alendo kuti ku Afirika ndinafikako. Ife tinkayala pansi pa mtengo wa pageti: njovu, mvuu, akadyamsonga, timipando, zipande.

Masiku oyamba a Lemson ankanena zoona. Dona wina anali atasankha kale njovu ziwiri, n'kufunsa kuti kwanu n'kuti. Iwo monyadira anati, "Ku Nyasalande, dona." Mayiyo anazibweza njovuzo pamphasa ngati zamuotcha. Akuti iye ali m'dziko la Amatebele, monga azungu ankatchulira Andebele, akufuna za Amatebele zenizeni. Anapita kukagula kwa munthu wa pambali pathu, a Aufi, Myao wa kwa Mponda, amene anangovomera m'Chindebele kuti "Yebo, nkosikazi" n'kukulunga katundu. Mawa lake amuna anga anadula kachikopa ka mbuzi, n'kumanga kumutu, n'kukhala a Ncube, dzina lachindebele limene iwo eni ake sankatha kulitchula bwino. Amayi achindebele ogulitsa mphasa pafupi nafe ankagwa nako kuseka, koma sanatiululepo.

Chinanso, azungu sankafuna chinthu chatsopano. Chikakhala chosalala, chonunkhira mtengo, ankachinyoza. Ndiye a Lemson akasema, kuchokera ku zidutswa za mlombwa zimene ankatola kwa ocheka matabwa, ankapachika ziboliboli m'khitchini mwanga kuti zimwe utsi masabata awiri, kenako n'kuzipaka phulusa ndi mafuta, pomaliza polishi wa nsapato. Ine ndinkati tikunamiza anthu. Iwo ankati, "Nangozo, mtengowu ndi wakale ndithu. Unamera ine ndisanabadwe."

Chimene chinkayenda malonda kuposa zonse chinali chiboliboli cha mayi wosenza mtsuko. Pa chimenechi ntchito yomaliza inali mphini za kumaso, ndipo ankazilemba ndi waya wootcha pamoto, atandifulatira. Mphini zitatu patsaya lililonse, imodzi yotsika pamphumi. Koma yachitatu ya tsaya lamanzere inkapindikira m'mwamba. Poyamba ndinkati dzanja laterereka. Nditaona kuti dzanjalo likuterereka pamalo omwewo pa chiboliboli chilichonse, ndinafunsa.

"Ndi za Nankhoma," anatero, osatembenuka. Nankhoma anali mkazi wa kumudzi uja. Akuti tsiku limene ankamutema mphini ali mtsikana, mavu anamuluma pamwendo, anagwedezeka, lumo n'kukhota.

Ndinapsa mtima mpaka ndinaponya chipande kukhoma. Wophika ndine, wochapa ndine, wowathowa mwendo ndi madzi otentha m'nyengo yozizira ndine, koma nkhope yopita ku Ingalande ndi ya wina. Ndipo ukwati wathu unali wa m'tauni, wopanda ankhoswe, wopanda aliyense wa kwawo wodziwa kuti kuli Dorah. Ndinkadana naye mkaziyo, ndikunena poyera, ndinkadana naye osamuonapo. A Lemson anayesa kamodzi kusema mayi wopanda mphini kuti ndikhazike mtima pansi. Anakhala pamphasa miyezi inayi osagulidwa, mpaka ndinamusonkhezera pamoto ndekha.

Komabe anali masiku abwino, ndipo ndimawasowa. Ndimasowa fungo la malasha a sitima m'mawa wozizira, ndi tiyi wa m'chitini amene tinkamwa mosinthana podikira. Ndimasowa mmene ankandinong'onezera m'Chinyanja, nkhope ili gwa, dona ali chilili kutsogolo kwathu: "Uyu agula mvuu, taonani akufanana." Ine n'kumatsokomola dala kuti ndisaseke. Nthawi ya nkhondo madona anachepa, koma kunabwera anyamata ophunzira kuyendetsa ndege, ana enieni, ogulira amayi awo tinjovu. A Lemson ankawasankhira zabwino, zopanda mng'alu. Madzulo tinkabwerera ku Makokoba, ine ndikukankha wilibala, iwo akukoka mwendo pambali panga, akuimba nyimbo za kwawo chapansipansi.

Anthu akwathu nawonso ankadutsa pagetipo, makamaka ochokera ku migodi ya malasha ku Wanki, akusintha sitima kuti alowere ku Sozibele, njira ya kumudzi. Amenewa sankagula kwa ife. Iwo ankafuna mabulangete, nsalu, mapoto, ndipo akaona ziboliboli ankaseka kuti mzungu alibe nzeru, kugula chikuni. A Lemson akangomva Chinyanja ankaweramitsa mutu, Chindebele chawo n'kuchuluka.

Tsiku limene zinthu zinasintha linali la mu Ogasiti 1946, kukuwomba mphepo ya fumbi. Sitima ya ku Wanki inali itafika, ndipo gulu la amuna linatuluka kukagula zomaliza m'tauni. Mmodzi anatsalira. Anali munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu kapena kuposerapo pang'ono, wamapewa aakulu, atasenza sutukesi yomanga ndi chingwe. Anayang'ana madengu anga, nkhope ya munthu wofuna kanthu kakang'ono koti agulire wina. Kenako maso ake anagwera pa mayi wosenza mtsuko. Anatula sutukesi. Ananyamula chibolibolicho n'kuyendetsa chala patsaya lamanzere, kawiri, katatu.

"Koma awa ndi amayi anga," anatero m'Chinyanja, akulankhula yekha.

Ine ndinayang'ana a Lemson. Anali akupukuta njovu imene anali ataipukuta kale.

Mlendoyo anasinthira ku Chilapalapa, chilankhulo cha m'migodi, poganiza kuti akulankhula ndi Mndebele. Anafunsa kuti mdala, mayi ameneyu munamuona kuti. A Lemson anayankha kuti ndi mkazi wa Amatebele, wa m'mutu mwawo basi. Mlendoyo anakana. Anati Amatebele satema chonchi, ndipo mphini yokhotayi ndi ya munthu mmodzi yekha padziko, amayi ake, amene mavu anawaluma tsiku lotemedwa. Anafunsa ngati panadutsapo munthu wa ku Nyasalande amene anawaphunzitsa, munthu wotchedwa Lemson, amene anachoka iye asanabadwe.

"Ikona azi," anatero amuna anga, kutanthauza kuti sakudziwa. Mawu anatuluka bwinobwino, koma njovu inawapulumuka n'kugwera pamphasa.

Mnyamatayo anapisa m'thumba kuti agule. A Lemson anakaniza ndi dzanja. Anakulunga chibolibolicho m'nyuzipepala, anamanga ndi kachingwe mosamala ngati mmene ankachitira ndi madona, n'kumupatsa ndi manja awiri, maso ali pansi. Mnyamatayo anathokoza, anasenza sutukesi yake, n'kuyamba kulowera kugeti.

Tsono mundimvetse. Chimene ndinkafuna zaka zonse chinali chitachitika pamaso panga. Kumudzi kunabwera kudzawatenga, iwo anakana, ndipo kunali kukubwerera. Ndikanangokhala chete mphindi imodzi, mwamuna anali wanga mpaka kumanda. Ndinadziwa zimenezo bwinobwino. Koma ndinaona munthu wamkulu, wa imvi, atavala kachikopa ka mbuzi, akuyang'ana msana wa mwana wake ngati galu wobindikiritsidwa, ndipo mkwiyo unandigwira. Sichinali chifundo ayi. Unali mkwiyo.

"Achimwene a sutukesi, tabwererani kuno," ndinaitana m'Chinyanja.

Anatembenuka modabwa.

"Amayi anu ndi Nankhoma a ku Linthipe?"

"Eya, amayi."

"Ndiye Mndebele wanuyu ndi Lemson Kamphinda. Bambo anu ndi amenewa. Vulani chikopacho inu, mukuchititsa manyazi."

A Lemson anavula. Mnyamatayo sanathamange, sanalire, sanawakumbatire. Anabwerera pang'onopang'ono, anatula katundu, anakhala pansi pafumbi chapatali pang'ono, n'kuwomba m'manja.

"Muli bwanji, bambo?"

"Ndili bwino, kaya inu?"

"Ndili bwino. Dzina langa ndine Hector."

"Hector," anatero a Lemson, ngati akulawa. "Kumudzi kuli bwanji?"

Ndiye Hector anayamba malonje, monga amachitira mlendo wolongosoka, kuyambira pachiyambi. Anati amayi awo a Lemson anamwalira mu 1932, akufunsabe aliyense wochokera ku Halale ngati anamuona mwana wawo. Mlongo wawo wamkulu anamwalira, wamng'ono alipo. Nankhoma anadikira zaka zisanu ndi ziwiri, abale anamukakamiza kukwatiwa, mwamunayo nayenso anamwalira, ndipo tsopano ali yekha, maso akuchita khungu. Ankanena mosakweza mawu, osadzudzula, chimodzichimodzi. Dona wina anaima pamenepo atagwira kadyamsonga, akufunsa mtengo, mpaka anatopa n'kumusiya. Sitima ya Hector inanyamuka iye adakali pafumbipo.

Anakhala nafe ku Makokoba sabata imodzi. Anali mwana waulemu, wonditchula kuti amayi kuyambira tsiku loyamba, ndipo Evelina ankangomutsatira ndi maso, osakhulupirira kuti ali ndi mlongo. Tsiku lachinayi a Lemson anandipeza ndikuchapa.

"Nangozo, ndikufuna ndikaone manda a amayi. Ndibwera mvula isanagwe."

"Ndani wakukanizani?" ndinatero, ndikumenyetsa malaya pamwala.

Mawa lake ndinavala diresi langa la kutchalitchi n'kupita ndekha kumasitolo a amwenye. Ndinati munthu ameneyu anakhala zaka makumi awiri ndi zisanu akuopa kufika chimanjamanja, ndiye asakafike chimanjamanja, angamati ku Bulawayo ankakhala ndi mkazi wotani. Ndinagula mabulangete awiri, jekete, nsalu ya mlongo wawo. Kenako ndinaima nthawi yaitali pa mashawelo. Mmwenye ananditsitsira wotchipa, ndinamubwezera. Ndinasankha wolemera, wabuluu, wa mphonje zazitali, umene ine mwini ndinkausirira chaka chonse. Ndinauika m'dengu langa labwino koposa, n'kuuza Hector kuti akapatse amayi ake. Musandifunse chifukwa chake. Mwina ndinkafuna adziwe kuti sindine munthu wamba.

Ndinawaperekeza mpaka papulatifomu. Kanali koyamba kuti tilowe pageti limene tinakhala kunja kwake zaka zonsezo. A Lemson anatulutsa mutu pawindo n'kundiuza kuti ndisaiwale kutembenuza ziboliboli za m'khitchini, zingade mbali imodzi.

Mvula inagwa iwo asanabwere. Kalata yoyamba inati anafika bwino, koma mwendo watupa ndi ulendo, adikira mvula ithe. Yachiwiri inati akufolera nyumba ya mlongo wawo. Yachitatu, ya mu 1948, inati akangokolola akubwera, ndiwasungire kasemasema asachite dzimbiri. Ndinkaupaka mafuta Loweruka lililonse. Ziboliboli zotsala ndinagulitsa zonse, ndinatsala ndi madengu anga, ndipo sitima iliyonse ya ku Sozibele ikafika ndinkadzuka pamphasa ngati ndikuwongola msana. Amayi achindebele aja ankangondiyang'ana. Anzanga a ku lokeshoni ndiwo ankati, "Dorah, pakamwa pako pakusowetsa mwamuna." Ndinkawayankha kuti asamale amuna awo. Koma ndikakhala ndekha ndinkadziwa kuti akunena zoona, ndipo ndinkadzitukwana.

Chaka chotsatira kumudzi kunagwa njala, ndipo makalata anasiya. Mu Novembala, masana, ndikusoka dengu pakhonde, ndinaona munthu akulowa pampanda, wowonda, wopanda sutukesi. Anali Hector, akubwerera ku Wanki kukafuna ntchito. Anakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa.

Anati bambo anamwalira mu Sepitembala, ndi chifuwa, thupi litafooka kale ndi njala. Anati anawaika pafupi ndi amayi awo. Ine ndinangoti zikomo pondiuza. Misozi sinabwere. Ndinkaganiza kuti ndilira ngati ndani? Amene anawatseka maso ali ku Linthipe, amene anakhala pamaliro ali ku Linthipe. Ine ndinali mayi wina wa m'tauni amene ankawaphikira.

Hector anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kanthu kokulunga m'kansalu. Anamasula. Linali lumo.

"Amayi andituma," anatero. "Kumudzi tinameta tonse, monga mwa mwambo, kuti maliro athe. Koma akuluakulu atati zatha, amayi anakana. Anati kuli mnzanga ku Bulawayo amene anawasunga amoyo zaka zonse zija, ndiponso ndi amene anawabweza kuno. Anati maliro a a Kamphinda satha mpaka mkazi wawo winayo atameta. Lumo lake ndi lomweli, limene anametera iwo."

M'mawa mwake amayi awiri akwathu anabwera, tinayala mphasa kuseri kwa nyumba, Hector ndi Evelina atakhala pambali. Ndinavula mpango n'kuweramitsa mutu. Lumo linali lobuntha, linkakoka, ndipo litangokhudza khungu ndinayamba kulira mokweza, lokeshoni yonse inamva. Ndinalirira amuna anga, ndipo ndinaliranso ndi manyazi, chifukwa mkazi amene ndinadana naye zaka makumi awiri ndiye yekha amene ananena pamaso pa mudzi wonse kuti ine ndinali mkazi wa a Lemson.